Imfa Yoyamba ya Sajeni Triffitt

Kuno ku Glenmorrow aliyense anafapo. Ine ndinafapo kawiri ndisanathawire kokazinga masoseji. Abusa anafapo. Dokotala wa ziweto amafa chaka ndi chaka, ndipo amafa bwino, mwendo umodzi ukugwedera m'mwamba ngati nkhosa yodya therere la poizoni. Munthu mmodzi yekha ndiye anatha zaka makumi awiri ndi ziwiri osalawako imfa, a Aubrey Triffitt, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo.

Ndikunena za sewero lathu la Nkhondo ya pa Mlatho, limene timachita Loweruka loyamba la Novembala pa bwalo la chionetsero cha nkhosa. Mbali ino asilikali a majekete ofiira, mbali inayo zigawenga, akaidi othawa unyolo, chaka chake 1826. Kaya nkhondoyo inachitikadi, kaya anali amuna atatu oledzera akulimbirana nkhosa yakuba, musafunse, mabasi ochokera ku Hobart ndi ku Launceston amabwera odzaza. Za anthu ena amene mfuti zomwezo zinkalozedwa kwa iwo masiku amenewo, eni nthaka ino, komiti inakambiranapo kamodzi n'kupeza kuti nkhaniyo siyenda bwino ndi masoseji.

A Aubrey anabadwira pa famu ya nkhosa kuseri kwa phiri, mwana wachinayi, amene famu simufikira. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anapita kukalembetsa usilikali weniweni, dokotala n'kungoyang'ana mapazi awo, ophwatalala ngati a bakha, n'kuwauza kuti basi yobwerera imanyamuka thuu koloko. Ndiye analowa ntchito yowerenga mamita a magetsi, zaka makumi atatu ndi zinayi, kulowa kuseri kwa nyumba za anthu ndi tochi. Kumeneko ndiko anaphunzira chiphunzitso chawo chachikulu, choti munthu aliyense akubisa kanthu ndipo wogwira tochi ndi iwo. Anakwatira a Merle, mayi wofatsa amene amathira tiyi pambali panga pa tsiku la nkhondo. Ana awo aakazi awiri anawolokera ku Melbourne atangotha sukulu, ndipo amaimba foni pa nthawi imene akudziwa kuti bambo awo ali ku shedi, kanyumba kawo ka zipangizo kuseri.

Mfuti anaipeza bambo awo atamwalira. Inali ya gogodera, yaitali ngati mtengo wokolowolera maapulo, ndipo inkagwira ntchito yotchinjiriza chitseko cha khola lometera nkhosa kuti mphepo isachimenyetse. A Aubrey anati inabwera ndi agogo a agogo awo, msilikali wa mfumu. Tonse timadziwa kuti Triffitt woyamba anafika pa chilumba chino miyendo ili m'zitsulo chifukwa cha atsekwe awiri a eni ake, ndiye ngati mfutiyo anaigwirapo, anaigwira mwini wake atayang'ana kumbali. Koma munthu wa mfuti yakale yeniyeni pakati pa anzake a mfuti zoitanitsa pa positi ndi mfumu. Anawapatsa lamba wofiira wa usajeni, ndipo pa tsiku lomwelo mtendere unatichokera.

Anali ndi mawu awo amodzi: zamawa. Chilichonse chimene chinali chisanapangidwe mu 1826 chinali chamawa. Nkhondo isanayambe ankatifoletsa pa mzere n'kumadutsa pang'onopang'ono, manja kumbuyo, mphuno patsogolo.

"Zipi? Zamawa izo, kavule."

"Magalasi amenewo ndi amawa. Ngati suona, uziwombera kumene kukumveka phokoso."

Ankapinda kolala ya munthu n'kuwerenga ulusi, kuti aone ngati wasoka ndi dzanja kapena makina. Wina anamubweza kunyumba chifukwa cha kamzere koyera pa mkono pamene pamakhala wotchi. Col Bantick wa ku butchala, amene amasewera mtsogoleri wa zigawenga, anauzidwa kuti mano ake oikirira ndi oyera mopitirira muyeso.

"Iwe Aubrey, ndiye ndizitukwana ndi nkhama?" anafunsa Col. Anakulira limodzi awiriwa, ndiye kwa Col usajeni uja unali nsanza chabe.

"Chigawenga cha 1826 chinalibe mano a pulasitiki."

"Nanga sajeni wa 1826 ankamwa mapiritsi a bipi? Asiye kaye amenewo tione."

Mano anatsala, koma Col ankawapaka tiyi.

Tsopano vuto la nkhondo yamasewera ndi lakuti palibe amafuna kufa. Mfuti zimathiridwa wonga wokha, popanda chipolopolo, ndiye palibe chokugwetsa kupatula ulemu wako. Ndipo kufa kuno si masewera. Bwalo limakhala litangochoka nkhosa mazana asanu, ndowe zili mbwee, pansi pali nyerere zathu zodumpha zija, iwe uli mu jekete yaubweya dzuwa likukuphika mpaka lipenga lomaliza. Zaka zoyambirira ankawomberana theka la ola, utsi tolo, aliyense ali chilili. Mlendo wina anafunsa ngati inali nkhondo kapena akufukiza njuchi.

A Aubrey ndiwo anathetsa zimenezo ndi lamulo lachisanu ndi chinayi, lolembedwa ndi dzanja lawo m'buku la gulu. Mfuti yako ikakana, wafa. Igwa pomwepo, usatakataka mpaka lipenga. Ndipo udindo wako wafera limodzi nawe, chaka chamawa ukayambira mzere wakumbuyo ngati wobwera kumene.

Lamulo lanzeru, chifukwa mfuti za mwala zimakana zokha. Kwa amene simunaigwirepo: nsagwada ya mfuti imaluma kamwala, ukakoka chala kamwalako kamakhula kachitsulo kolimba, timoto timagwera m'kambale ka wonga, moto n'kulowa pa kabowo. Kukachita kamvula, kapena kamwala kakabuntha, umangomva khethe, basi wamasiye ndi mkazi wako. Makopolo anagwa. Mkulu wa asilikali mwiniwake, mphunzitsi wa masamu, anagwa n'kusiyiratu gululo. Koma mfuti ya a Aubrey sinkakana, ngakhale mvula ya matalala. Inalibe mwala. Inali ndi kamlomo kachitsulo kovekapo kachipewa ka mkuwa, nyundo n'kumenya, phuu! Iwo ankati ndi magazi a usilikali. Ife osaphunzirafe tinkangoti kaya, mwina mfuti zenizeni zimatero.

Kenako kunabwera a Glenys Cornish. Anapuma ntchito ku nyumba yosungira zinthu zakale, n'kugula kanyumba pafupi ndi tchalitchi, n'kulowa gulu lathu kuti azisoka zipewa za amayi. Kamayi kochepa, kolankhula ngati kakupepesa. Pa msonkhano wa mwezi wa Epulo mu holo, a Aubrey atayala mfuti yawo pa tebulo kuti obwera kumene aione osaigwira, a Glenys anawerama n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma ndiye ndi yokongola, a Sajeni. Anaisintha bwino kwambiri."

"Anaisintha ndani? Mfuti iyi sinagwiridwepo chichokereni m'manja mwa mfumu."

"Asilikali omwewo. Inabadwa ya mwala ngati zinazi. Taonani timabowo totseka apa, m'pamene panali kambale. Boma linazisonkhanitsa n'kuziika zipewa za mkuwa, n'kudinda chaka. Ichi apa, 1843." Anatukula mutu, nkhope ili yosalakwa ngati ya mwana wa nkhosa. "Sewero lathu si la 1826 kodi? Kapena ndasokoneza?"

Ine ndinali ndi keke mkamwa, ndinaopa kumeza. Anayamba ndi Col, pansipansi, ngati poto woyamba kuwira.

"Zamawa."

"Khala chete iwe."

"Zamawa izo, a Sajeni! Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kutsogolo! Amwene, ine ndakhala ndikuphedwa ndi mfuti yosabadwa! Ndibwezereni imfa zanga zonse!"

Anthu amene anavulidwa mazipi ndi magalasi saiwala msanga. Komiti inavota pomwepo, manja onse m'mwamba, ena awiriawiri: pofika Novembala, Sajeni abwere ndi mfuti ya mwala, apo ayi apereke lamba.

Pa khomo a Glenys anawagwira mkono. Ndinali pafupi, ndikupinda nsalu ya pa tebulo imene inali yopinda kale.

"A Triffitt, chonde musaikhudze mfutiyi. Zosinthidwa ndi asilikali kuno, zidindo zili zonse, zatsala zowerengeka. Ipachikeni pa khoma. Gulani yoitanitsa ngati anzanu."

"Mayi," anatero a Aubrey, akuyang'ana pamwamba pa mutu wawo, "inu sokani zipewa. Sajeni sanyamula mfuti yobwera ndi positi."

Nyengo yonse yozizira anathera mu shedi. Zimene zinkachitika m'menemo ndinkazimva kwa a Merle, Lachitatu lililonse kokonza tsitsi. Anaitanitsa nsagwada, kambale ndi kachitsulo kokhulapo mwala kuchokera kunja. Anadula kamlomo kaja ndi sowo. Bowo linatsalalo anatseka, n'kuwotcherera, n'kuboola lina laling'ono. Atafika pa zidindo za boma, chisoti cha mfumukazi ndi 1843 uja, anatenga tupa.

"Ndinawauza kuti Aubrey, si zomwe anati n'zamtengo wapatali zimenezo?" anandiuza a Merle, mutu uli m'chowumitsira tsitsi. "Akuti nambala imeneyi ndi imene yandichititsa manyazi. Akhula masiku atatu, Dot. Pasalala ngati chidendene cha khanda."

Tisawanamizire, manja ali nawo. Mu Seputembala anakaiyesa kuseri kwa famu ya mchimwene wawo, ndipo inalira kakhumi pa kakhumi, timoto tikuthetheka ngati pa Khirisimasi. Akanasiyira pomwepo, bwenzi nkhani ino kulibe.

Koma zitsulo zatsopano zija zinkawala. Mfuti yonse yakuda ndi ukalamba, pambali pake mbee ngati supuni ya pa ukwati. A Aubrey sakanatha kuima pamaso pa Col ndi chinthu chooneka chogula dzulo. Anayamba kuzikalambitsa. Anaziviika mu vinega. Anaziphika mu tiyi. Anazikwirira m'khola la nkhuku masabata awiri, nkhuku n'kusiya kuikira. Kachitsulo kokhulapo mwala kanakanabe kuda, poti n'kolimbitsidwa mwapadera, ndiye tsiku lina atatha kuwotcha nyama ya nkhosa anakaponya pa makala, kanafiira psuu, n'kukasiya pomwepo kazizire kokha. Kanatuluka kakuda, ka mawangamawanga, kooneka ka zaka mazana awiri. Anakapachika pa mfuti n'kuitana a Merle adzaone.

"Simukaiyesanso?" anafunsa a Merle.

"Kuti mwala ukande dzimbiri langa? Mukudziwa mmene ndalivutikira?"

Aliyense wosula zitsulo akanawauza kuti chitsulo chikapsa n'kuzizira pang'onopang'ono chimafewa, ndipo chofewa sichibala moto. Koma a Aubrey safunsa. Amafunsa ndi ena.

Tsiku linafika lowala bwino, kopanda ngakhale kamtambo koti munthu n'kunamizira. Mabasi asanu ndi limodzi. Pofoletsa, a Aubrey anadutsa ndi mfuti yawo pa phewa, aliyense n'kuona mwala uli m'nsagwada, ndipo ngakhale Col anavomereza kuti ikuoneka ngati yofukula m'manda.

Sewero lathu limatha chimodzimodzi chaka chilichonse. Sajeni sawombera mpaka kumapeto, amangokuwa. Zigawenga zikatha pafupifupi zonse, Col amathamangira pa mlatho, umene ndi matabwa oyala pa mitolo ya udzu, chikwanje m'manja, akutukwana mfumu. Sajeni amapita patsogolo yekha, amaloza, phuu, Col amagwera pa udzu, lipenga, anthu kukagula masoseji.

Col anathamanga. Anatukwana mfumu, n'kuwonjezerapo amayi ake a mfumu. A Aubrey anaponda patsogolo, chifuwa chili nganganga, analoza.

Khethe.

Col anaima mwendo uli m'mwamba. A Aubrey anakokanso nsagwada msangamsanga ngati palibe waona.

Khethe.

"Aubrey," anatero Col, osati mokuwa, koma bwalo lonse linamva, "wafa."

"Sinakane. Ikuganiza."

"Lamulo lachisanu ndi chinayi, akulu. Gona."

Khethe, kachitatu. Ndiye a Aubrey Triffitt, munthu amene anabweza mnzake chifukwa cha mzere wa wotchi, anatsegula pakamwa n'kukuwa kuti, "Phuu!"

Mitembo inayamba kuseka. Ndikunena zoona, bwalo lonse la akufa linkagwedezeka mimba. Dokotala wa ziweto, amene anali atafa kalekale tsiku limenelo, anadzuka n'kukhala tsonga kuti aone bwino.

"Wandiwombera ndi chiyani, mpweya wa m'kamwa?" anatero Col. "Umenewo ungaphedi munthu, koma m'buku mulibe. Igwa, nyama ikundidikira ku shopu."

"Ukudziwa kuti umafa ndiwe! Mbiri imatero!"

"Mbiri yake iti? Ndakugonera pa ndowe zaka makumi awiri ndi ziwiri, lero ndi iwe. Pali malo abwino apo, ndakusungira, ofewa."

Alendo a m'mabasi sankadziwa lamulo lathu, koma mawu oti igwa amamveka msanga. Anayamba ana a sukulu, kenako agogo a m'mipando ya matayala, kuwomba m'manja motsatana: "Igwa! Igwa! Igwa!" A Aubrey anayang'ana asilikali awo kuti wina awombere Col m'malo mwawo. Asilikali onse asanu otsala anapezeka kuti akuyang'anitsitsa mabatani awo.

Ndiye anafa. Koma munthu amene sanayeserepo kufa amafa moipa. Anayamba ayang'ana pansi kusankha malo. Anasuntha ndowe ndi nsapato. Anatulutsa kampango n'kuyala. Anagoneka mfuti mosamala, kenako bondo limodzi, linalo, dzanja, ngati munthu wolowa m'bafa la madzi otentha. Atagona chagada anakonza chipewa kuti chiphimbe nkhope, n'kupinda manja pa chifuwa.

Woimba lipenga anasokonezeka, poti Col anali chiimire, ndiye sanaimbe. Zigawenga zakufa zinaona kuti mwayi suyenda kawiri, zinauka zonse n'kuwoloka mlatho. Asilikali anataya mfuti. Ana a sukulu mazana awiri anapita kwawo akudziwa kuti mu 1826 akuba nkhosa anagonjetsa Ufumu wa Britain pa Glenmorrow.

Apo m'pamene ndinamva thipoti ikugunda pa tebulo pambali panga. A Merle anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kudumpha chingwe chotchinga bwalo ngati mtsikana. Anthu ambiri akagwa, mkazi wina wa m'gulu amathamangira kukalira, kuti alendo ajambule. A Merle anali asanapatsidwepo mwayi umenewo, poti amuna awo sankafa. Anagwada pambali pa amuna awo n'kutulutsa mfuu imene inadzidzimutsa akavalo kuseri kwa bwalo.

"Mayo ine! Mwamuna wanga, Sajeni wanga! Wandisiyira shedi yodzaza zinyalala! Ndani adzandiuzenso kuti ndapachika makatani mokhota? Ndani adzawerenge ulusi wa masokosi anga? Mayo, nyumba idzakhala chete, ndidzatani nawo mtendere wonsewu!"

"Merle," unatero mtembo pansi pa chipewa, "nyerere. Zalowa m'buluku."

"Akufa salankhula, bambo. Mayooo!"

Ankamenya chifuwa cha malemu ndi manja onse awiri, ndipo sindikhulupirira kuti kumenya konseko kunali kwa sewero. Anthu anaimirira kuwomba m'manja. Mayi wina wa ku Launceston analira zenizeni, ndinamupatsa pepala lokulungira soseji apukutire. Lipenga linalira patatha mphindi khumi ndi zisanu, chifukwa woimbayo ankadikira kuti a Merle amalize, ndipo a Merle sankafulumira.

Ku tenti ya odwala, a Aubrey atagona chafufumimba, namwino akuwapaka mankhwala m'malo amene sinditchula, a Glenys anabwera atanyamula mfuti ija ngati mwana wodwala. Anakanda kachitsulo kaja ndi nsonga ya mpeni, kanalembeka ngati sopo.

"Munakawotcha, eti? Chifukwa chiyani, a Triffitt?"

"Kankawala," anayankha ali chigonere. "Mfuti yakale siwala."

"Koma mu 1826 sinali yakale. Inali m'manja mwa msilikali amene ankaikwecha ndi fumbi la njerwa tsiku ndi tsiku mpaka kudzionerapo nkhope. Sajeni akanapeza dzimbiri ngati ili, munthuyo akanakwapulidwa." Anatembenuza mfutiyo kufuna zidindo, anapeza posalala paja. Kenako anaitsamiritsa pa mzati wa tenti. "Inali mfuti yabwino," anatero, n'kutuluka.

Msonkhano wotsatira sunatenge nthawi. Buku linatsegulidwa, lamulo linawerengedwa ndi mlembi mokweza, mawu ndi mawu, mpaka pamene pali siginecha ya mwini wake. A Aubrey anavula lamba okha n'kumuika pa tebulo. Anapempha kulankhula, anauzidwa kuti a mzere wakumbuyo amalankhula pa zina ndi zina, kumapeto, nthawi ikatsala. Sinatsale.

Inadyedwa ndi nkhani ya a Merle. A mabasi anali ataimba foni kufunsa ngati mayi wamasiye uja adzakhalaponso chaka chamawa, chifukwa anthu ayamba kale kulembetsa mipando. Komiti inavomera ndi manja awiri kuti kulira kwa a Merle kukhale mbali ya sewero mpaka kalekale, ndi diresi lakuda losoka a Glenys. Wapampando anangodandaula chinthu chimodzi, kuti pafunika munthu wodalirika woti azigwa pamalo oonekera bwino chaka chilichonse n'kupirira zibakera zija, ndipo odzipereka sakuoneka.

A Merle anali akutolera makapu. Sanatembenuke n'komwe.

"Musavutike kusaka," anatero. "Ndizibwera naye kuchokera kunyumba."